Ndili pa attachment ku fakitale ya mtedza, akundiuza ndisaine batch yomwe yalephera. Nditani?

Wobisa dzina, Mchinji

Akuluakulu a pa gulu pano, makamaka inu amene munagwirapo ntchito ya quality m'mafakitale a zakudya, ndithandizeni nzeru. A admin, chonde dzina langa lisaoneke.

Ndine mtsikana, ndikuphunzira uinjiniya, ndipo chaka chino chonse ndili pa attachment pa kampani ina yokonza mtedza kuno kwathu. Amagula mtedza kwa alimi ndi mavenda, wina amangousankha n'kuugulitsa, wina amapangira chiponde. Ine anandiika ku quality. Ndimayeza chinyezi lole ikamatsitsa matumba, ndimatenga masampulo, ndimayeza aflatoxin, poizoni uja wa chuku, ndimaonanso ngati masikelo akuwerenga bwino. Zonsezo ndimazilemba pa fomu ya batch iliyonse.

Bambo amene ankandiphunzitsa ntchitoyi anasiya ndipo sanalembe wina, ndiye ku labu ndatsala ndekha. Sabata ino batch ina inabwera ndi chinyezi choposa 10%, ndipo nditayeza aflatoxin inapyola malire amene kampani yomweyi inalemba pa mapepala ake. Ndinamata chikalata cha HOLD, choletsa kuti katundu agwiritsidwe ntchito, pa matumbawo monga anandiphunzitsira. Manijala wa production atamva anabwera, n'kundiuza kuti nditengenso sampulo pa matumba amene iwo anandilozera. Imeneyo inapasa. Tsopano akuti ndilembe zachiwirizo, pepala loyambalo nditaye, ndisaine kuti mtedza ulowe m'makina chifukwa oda ikudikira. Akuti kulikonse amatero.

Sindinasaine. Koma amene amasaina logbook yanga ndi kundilembera lipoti lopita kusukulu ndi iwo omwewo, ndipo popanda lipotilo sindingamalize maphunziro. Makolo anga alipira fizi ndi ndalama za mtedza ndi soya, sindingabwerere kunyumba chimanjamanja.

Kodi kuyeza kachiwiri n'kololedwa? Kodi wophunzira ali ndi mphamvu yotulutsa batch? Nanga nkhaniyi ndingaipititse kwa ndani popanda kudzionongera?

---

Aphiri a ku Kanengo

Achemwali, ndagwira ntchito ya quality m'mafakitale a zakudya kwa nthawi yaitali, ndiyankha mwatsatanetsatane chifukwa zimenezi mudzakumana nazo kulikonse kumene mudzapite.

Kuyeza kachiwiri n'kololedwa, koma osati mmene akuchitira pamenepo. Mumayezanso ngati pali chifukwa cholembeka chokayikira mayeso oyamba: mwina ma strip, timapepala toyezera aflatoxin, anatha nthawi yake, mwina anasungidwa potentha, mwina sampulo sinagayidwe bwino kapena munasakaniza mankhwala molakwika. Chifukwacho mumachilemba, ndipo zotsatira zonse ziwiri zimakhala pa fayilo. Palibe pepala limene limatayidwa. Kuyeza mobwereza mpaka mutapeza nambala imene bwana akufuna si kuyeza, ndi kubisa.

Mumvetsenso khalidwe la aflatoxin. Safalikira mofanana mu thumba lonse ngati mchere m'ndiwo. Amaunjikana mu timaso towerengeka ta mtedza, ndipo timeneto tikhoza kukhala ndi poizoni wochuluka kwambiri pomwe anzake oyandikana nawo ali bwinobwino. Ndiye sampulo ya matumba amene munthu wachita kuloza ndi chala ikapasa, sizikutsutsa yoyamba ija. Zangosonyeza kuti m'dzanja limenelo munalibe mtedza woipawo. N'chifukwa chake malamulo a ku EU, mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya, amafuna kuti pa katundu wochuluka mutape malo okwana 100, sampulo yonse ifike makilo 20, muigaye yonse, kenako mutengepo pang'ono poyeza. Malire awo pa mtedza woti munthu adye pomwepo ndi 4 ppb ya aflatoxin yense, kutanthauza magawo 4 pa magawo biliyoni imodzi, ndipo pa mtedza woti ukasankhidwebe ndi 15 ppb. Pa zogulitsa kuno, pezani standard ya Malawi Bureau of Standards (MBS) ya mtedza ndi ya chiponde, kampani iliyonse imene ili ndi chizindikiro cha MBS iyenera kukhala nazo mu ofesi. Muziwerenge nokha, musamangouzidwa.

Wina akakuuzani kuti kukazinga kupha poizoniyo, musamve. Moto umapha chuku, koma poizoni amene chasiya amapirira kutentha kwa kukazinga, wambiri amatsala. Ndipo mukagaya chiponde, timaso toipa tija timasungunukira mu batch yonse, simungatichotsenso.

Funso lachiwiri: ayi. Wophunzira sayenera kukhala womaliza kusaina kuti katundu atuluke. Inu mumasainira zimene mwayeza ndi manja anu, basi. Kutulutsa batch ndi udindo wa wolembedwa ntchito amene kampani inamupatsa mphamvu imeneyo polemba. Ndipo m'dongosolo lililonse labwino, kaya ndi HACCP kaya ISO 22000, ndondomeko zotetezera chakudya m'mafakitale, amene akuthamangitsa oda sakhala yemweyo woweruza ngati katundu ali bwino.

Mawa chitani izi. Lembani fomu ya non-conformance, yolembapo katundu amene sanakwaniritse muyezo: nambala ya batch, tsiku, chinyezi, zotsatira zoyamba, zachiwiri, ndi mmene sampulo iliyonse inatengedwera. Pansi musiye mpata wa siginecha ya woganiza zotulutsa. Mukawapatse amanijala mwaulemu, muwauze kuti, "Bwana, ine ndalemba zimene ndapeza, mphamvu yotulutsa ndilibe, ndi yanu." Nthawi zambiri munthu amene amakakamiza mwana kusaina safuna kuti dzina lake liwonekere pa pepalalo.

---

Nabanda wa pa Santhe

Mwana wanga, ine si wa mafakitale, ndine namwino. Chiponde chimenecho amadya kwambiri ndi ana, ndipo ife kuchipatala timauza amayi kuti azithira nsinjiro m'phala. Aflatoxin amawononga chiwindi pang'onopang'ono, amayambitsa khansa ya chiwindi makamaka kwa amene ali kale ndi hepatitis B, ndipo amagwirizananso ndi kupinimbira kwa ana. Akachuluka amapha msanga. Ku Kenya mu 2004 anthu 125 anamwalira atadya chimanga cha poizoni ameneyu. Usasaine. Ndikupempherera.

---

Mnyamata wa pa Chinkhoma

Ine ndinena zosiyana pang'ono, musandinyoze. Kuyankhula pa gulu n'kophweka, koma amene akhale opanda digiri ndi achemwaliwa, osati ife. Makampani olandira ana a attachment ndi ochepa, ndipo mabwanawa amadziwana, ukadziwika kuti ndiwe wovuta mbiri imakutsogolera. Inu mwapita kukaphunzira, simunapite kukakonza kampani ya eni ake. Musasaine bodza, inde, koma musathamangire ku MBS kapena kulemba pa Facebook dzina la kampani. Muzingoti simukudziwa, nkhani ipite yokha.

---

Aphiri a ku Kanengo

Achimwene a pa Chinkhoma, pa zosathamangira kunja ndi zosalemba dzina la kampani ndikugwirizana nanu. Koma pa "muzingoti simukudziwa" ayi. Tsiku limene MBS idzatenge botolo pa shelefu n'kulipeza ndi poizoni, adzatsata nambala ya batch mpaka pa fomu, ndipo dzina limene lili pa labu ndi la achemwaliwa. Pamenepo manijala adzati wophunzira ndiye anayeza molakwika. Chimene chingawateteze ndi pepala lolembedwa lero, osati kukhala chete.

---

Mphunzitsi wa za uinjiniya

Ndimayendera ophunzira a attachment, ndiye ndiyankhe mbali ya sukulu. Kaya muli ku MUBAS, ku MUST kapena ku LUANAR, pamakhala mphunzitsi amene anapatsidwa dzina lanu. Muimbireni lero, kenako mumulembere uthenga wachidule kuti pakhale umboni wa tsiku. Musayambe ndi kuneneza munthu. Nenani chinthu chimene palibe angachikane: amene ankakuyang'anirani ku quality anachoka, mwatsala nokha, ndipo mukupemphedwa kusaina zinthu zoposa udindo wa wophunzira. Chimenecho pachokha ndi chifukwa chokwanira kuti sukulu ilankhule ndi kampani, chifukwa attachment yopanda wokuphunzitsani si attachment, mukungogwira ntchito ya munthu wolipidwa.

Za magiredi musaope kwambiri. Lipoti la kukampani ndi mbali imodzi chabe, pali lipoti lanu, pali ulendo wa mphunzitsi, pali kufotokoza pamaso pa aphunzitsi. Koma vuto timalimva bwino likanenedwa pamene likuchitika. Mukadzalinena kumapeto magiredi atatuluka oipa, zimaoneka ngati chodzikhululukira. Logbook muzisainitsa sabata iliyonse, isadikire kumapeto kwa chaka, ndipo masamba osainidwa muziwajambula pa foni. Mapepala a kampani okha musawatulutse kunja, lembani zimene mwachita mu logbook yanu.

Ndiwonjeze ichi. Muli ndi pulojekiti yabwino m'manja mwanu. Tengani mafomu a miyezi yapitayi, mulembe pa tchati chinyezi cha lole iliyonse, wogulitsa wake ndi zotsatira za aflatoxin. Mudzaona kuti mavuto akuchokera kwa ndani komanso nyengo iti. Mukapita kwa mwini kampani ndi tchati chosonyeza kuti kukaniza mtedza wonyowa pa geti kumapulumutsa ndalama, adzakumverani kuposa mukapita ndi madandaulo.

---

Mlimi wa ku Mkanda

Aphunzitsi anena zoona, vuto limayambira kumudzi kuno. Anthu ambiri amawaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe posenda, ena amatero kuti ulemere pa sikelo, kenako amauthira m'thumba usanaume. Ena amakumba n'kuunjika pansi mvula isanatheretu. Ife ku kalabu alangizi anatiphunzitsa kuumitsa pa Mandela cock, mulu wa mtedza wokumbidwa wokhala ndi mpata wa mphepo pakati, ndi kusunga mtedza m'makoko mpaka nthawi yogulitsa, koma venda akabwera pa Kamwendo mtengo ndi umodzi, wouma ndi wonyowa yemwe. Ndiye munthu adzivutitsirenji? Mukauze mabwana anuwo kuti aziwonjezera mtengo pa mtedza wouma bwino, aona kusintha chaka chimodzi chomwe. Ndifunsenso, mtedza umene mumasankha kuti ndi woipa umapita kuti? Chifukwa kuno timauwona ukubwerera pa msika wotchipa, amayi n'kumagula kukasinja.

---

Wobisa dzina, Mchinji

Zikomo nonse, mwandilimbitsa mtima. Bambo a ku Mkanda, funso lanulo landikhudza: wosankhidwawo amaugulitsa pa geti, ndipo palibe fomu imene imalemba kumene ukupita. Ndiliika mu lipoti langa.

Ndawaimbira aphunzitsi anga, ati alankhula ndi mwini kampani, osati manijala, ndipo ayambira pa nkhani yoti ndilibe wondiyang'anira. Fomu ya non-conformance ndalemba, zotsatira zonse ziwiri zilipo. Bambo Phiri, ndifunse: batch imeneyi ingapulumuke, kapena ndi yotaya basi? Ndikufuna ndikapite ndi njira m'manja, osati kukana kokha, chifukwa ndalama zimene zagona m'matumba amenewo ndi zambiri ndipo amayi osankha mtedza amalipidwa pakakhala ntchito.

---

Aphiri a ku Kanengo

Ingapulumuke mbali ina, malinga sunagayidwe. Choyamba uchoke m'matumba uumitsidwe mpaka chinyezi chifike cha m'ma 7%, chifukwa pa 10% chuku chikukulabe pamene tikulankhula pano. Kenako usankhidwenso mosamala: wofwapa, wosweka, wobooledwa ndi tizilombo, wosintha mtundu, zonse zichoke. Ngati muli ndi makina ochotsa khungu, usankheninso khungu litachoka, chifukwa mawanga ena amabisala pansi pake. Mukatero mutenge sampulo yatsopano m'matumba onse, pamwamba, pakati ndi pansi, inuyo posankha malo, ndipo theka lake mutumize ku labu yakunja monga ya MBS. Ikapasa pamenepo, ameneyo ndi mtedza wokonzedwanso, uli ndi mapepala ake, ukhoza kulowa m'makina.

Chimodzi chokha musavomere: kusakaniza batch imeneyi ndi mtedza wabwino kuti nambala itsike. Akakuuzani zimenezo, mulembenso pa fomu kuti ndani wanena. Ndipo wosankhidwawo ulembedwe makilo ake ndi kumene wapita, usatuluke pa geti ngati chakudya cha anthu.

Musanayambe, onani tsiku lotha ntchito pa bokosi la ma strip anu ndi kumene akusungidwa, ndipo moisture meter, yoyezera chinyezi ija, muifananize ndi kuumitsa sampulo mu uvuni ngati labu yanu ili nayo. Funso loyamba limene manijala adzafunse ndi lakuti zida zanu zikuwerenga zoona kapena ayi, mukhale ndi yankho lolembedwa.