Tipeze bwanji ndalama za pasukulu popanda kubweza ana?

Msungichuma_PTA:

Moni nonse abale. Ndine msungichuma wa PTA, komiti ya makolo ndi aphunzitsi, pa sukulu ina ya pulayimale kuno ku Dedza, dzina lake sinditchula poti a hedi athu nawo amawerenga zinthuzi kkkk. Vuto lathu ndi ili, chimphepo cha mu Disembala chinasasula denga la buloko ya sitandade 3 ndi 4, malata ena tinakawatola mmunda wa anthu atapindikapindika, nde panopa ana akuphunzirira pansi pa mtengo wa mango, mvula ikangochita mdima aphunzitsi amangoti welukani. Zimbudzi za atsikana ziwiri zinadzadza, mlonda sanalandire miyezi itatu ndipo wanenetsa kuti mwezi uno ukatha akusiya ntchito. Ndalama ya SIG ija yochokera ku boma imafika mochedwa ndipo ikafika imathera ku choko, mapepala ndi tina ndi tina.

Tinaitanitsa msonkhano wa makolo, tinagwirizana K1,500 mwana aliyense pa teremu, manja anakwera bwinobwino aliyense eya eya tavomereza, koma kupereka kwake ndiye zero. Ukamufunsa kholo akuti si paja pulayimale ndi yaulere, wina akuti zomwe tinasonkha chaka chatha zinalowera kuti. A hedi akuti tiyambe kubweza ana osalipira pa geti, ine mtima wanga sukulola ayi. Kodi kwanuko mumapanga bwanji kuti makolo ndi anthu a mmudzi asonkhe? Ndikufuna njira zoti zinagwiradi ntchito osati za mmabuku.

Mphunzitsi_Wopuma:

A msungichuma, poyamba penipeni awuzeni a hedi anuwo asayerekeze kubweza ana. Unduna wa zamaphunziro wakhala ukunena mobwerezabwereza kuti mwana wa pulayimale asathamangitsidwe chifukwa cha ndalama za chitukuko, kholo limodzi lokha likakadandaula kwa a PEA, mlangizi woyang'anira masukulu a mderalo, ku ofesi yawo ya TDC nkhani yake ivuta. Komanso mwana amene mwamubweza lero, makamaka mtsikana wa sitandade 6 kapena 7, mawa sabweranso, mudzangomva kuti ali pa banja kapena wapita kukagwira ntchito ya mnyumba ku Lilongwe.

Zoti pulayimale ndi yaulere makolowo sakunama. Ine ndinali mkalasi 1994 pomwe boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi, ana mdziko muno anachoka pa 1.9 miliyoni kufika cha mma 3 miliyoni mchaka chimodzi, tinkaphunzitsa mmatchalitchi ndi pansi pa mitengo. Koma chomwe chinachotsedwa ndi fizi, kuumba njerwa ndi kututa mchenga sikunathe ayi, olo nthawi ya mapulojekiti a chitukuko a MASAF anthu a mmudzi ankaika gawo lawo. Nde musamakangane nawo pa mawu oti ulere, simudzapambana.

Cholakwika chachikulu chomwe ndikuchiona pa nkhani yanuyi ndi nthawi. Mukupempha ndalama Januwale, Febuluwale, nthawi yoti munthu feteleza wamuthera ndalama, nkhokwe ili mbee, akudya kamodzi patsiku ndipo akuthamangira maganyu opalira. Munthu ameneyo K1,500 aitenga kuti, makamaka ngati ali ndi ana anayi pasukulu pomwepo? Dikirani Meyi, Juni, Julaye anthu akakolola. Ndipo musapemphe ndalama, pemphani mbewu. Komwe ndinapumira ntchito tinkati banja lililonse ndowa imodzi ya chimanga kapena theka la ndowa la soya kaya mtedza, kwanu ku Dedza mukhoza kuonjezerapo kachewere ndi nyemba. Munthu kutapa ndowa mnkhokwe samva kuwawa ngati kutulutsa ndalama pa mpango. Tinkasunga mu ofesi ya a hedi titathira mankhwala a anankafumbwe, kudzagulitsa cha mma Novembala mitengo itakwera.

Chachiwiri, muziwerengera pa banja osati pa mwana, ndipo mudzere kwa mafumu. Sukulu si ya makolo a ana okhawo, amene mwana wake ali kumsana lero ndi amene adzagwiritse ntchito bulokoyo. Khalani pansi ndi a gulupu, agawe midzi, nyakwawa iliyonse ikhale ndi kope lake lolembamo amene wapereka. Mawu a mfumu pa maliro kapena pa bwalo amalemera kuposa kalata yomupatsira mwana wa sitandade 2, yomwe theka la njira wapangira kale ndege.

Koma funso lija loti za chaka chatha zinalowera kuti, ameneyo ndiye mwini nkhani. Muliyankhe kaye. Ngati simungaliyankhe, zonse ndanenazi sizigwira.

BamboWaAnaAtatu:

Ine ndilankhule ngati kholo, pepani ngati ndikhumudwitse ena. Ife makolo sitikana kuthandiza sukulu, tatopa ndi kusonkhetsedwa chilichonse. Kuno ku Blantyre sukulu ya ana anga teremu imodzi yokha, ya chitukuko, ya mlonda, ya bilu ya madzi, yosindikizira mayeso, ya lipoti kadi, ya mock wa sitandade 8, kenako mwana akubwera akuti Lachisanu ndi tsiku lovala zakunyumba tibweretse K500. Lisiti olo limodzi sindinaionepo. Ukafunsa pa msonkhano amakuyang'ana ngati wamisala, mawa mwana wako wayamba kudedwa mkalasi. Komiti yake anthu omwewomwewo zaka ndi zaka, ena ana awo anamaliza kalekale. Mxii. Tiuzeni kamodzi pa chaka kuti zonse pamodzi ndi zakuti, mutipatse lisiti, tione chinthu chitaima, muone ngati tingakane.

Nachisale_MG:

Bambo a ana atatu mwalasa. Ine ndili mu mother group kwathu ku Mchinji ndipo ndikuuzeni zomwe tinaona ndi maso. Kale komiti yathu inali ndi vuto lomwelo, ndalama zimasungidwa kunyumba kwa munthu mu chitini, akuti ku banki nkutali. Tsiku lina anangoti zabedwa, nkhani inathera pomwepo, anthu anakhala zaka osasonkhanso olo kobiri. Komiti yatsopano itabwera inayamba ndi chinthu chaching'ono kwambiri koma chinasintha zonse, anatenga pepala lalikulu lija la filipi tchati nkulemba ndi maka, mbali iyi zolowa mbali iyo zotuluka, mudzi wakuti wapereka ndowa zakuti, tagula matumba a simenti akuti pa mtengo wakuti kwa wakuti, nkulimata panja pa khoma la ofesi pomwe aliyense wopita ku mjigo amadutsa. Amene sadziwa kuwerenga mwana wake amamuwerengera. Midzi inayamba kupikisana yokha, mfumu ina itaona kuti mudzi wake uli pansi penipeni inachita manyazi, mmawa mwake ngolo inafika ndi matumba kkkk.

Ndalama zikhale ku akaunti, osainira atatu, ndipo a hedi asakhale okha ogwira chilichonse. Pokagula zinthu apite anthu awiri kapena atatu, wina wa SMC, komiti yoyendetsa sukulu, wina wa PTA.

Njira ina yomwe ikutithandiza ife ndi munda. A gulupu anatipatsa malo kuseri kwa bwalo la mpira, timalima soya poti safuna feteleza wambiri ngati chimanga. Mudzi uliwonse uli ndi mizere yake ndi tsiku lake. Gawo lina timagulitsa, lina timasakaniza ndi chimanga kukagayitsa phala la ana. Kumene kuli Mary's Meals mukudziwa kale kuti ufa amabweretsa iwo koma ophika ndi amayi a mmudzi momwemo mongodzipereka, nde anthu kuzolowera kugwira ntchito ya pasukulu anazolowera kale, chimangofunika nkuwalemekeza. Chenjezo langa ndi loti munda usasanduke wa ana. Sukulu ina yoyandikana nafe ana ankapalira nthawi ya makalasi, makolo anakwiya ndipo anali ndi chifukwa.

Ifenso amayi timasoka mapadi ochapa ndi mayunifolomu, makina tinagula ndi phindu la banki mkhonde yathu. Sizibweretsa ndalama zambiri zoti nkufolera buloko ayi, koma sopo, ndowa za mchipinda chosinthira atsikana ndi makope a ana amasiye zimachokera pamenepo. Za mbuzi zokha musayese, tinagula zisanu kuti zizichulukana, aliyense amati si ine woweta, ziwiri zinafa, imodzi akuti inagwidwa ndi fisi koma fisi wake ankayenda ndi miyendo iwiri.

Chimwene_waku_Joni:

Amayi a ku Mchinji mwandiseketsa ndi fisiyo. A msungichuma, mwawaiwala ana anu akale. Sukulu iliyonse ya kumudzi ili ndi anthu omwe anadutsapo, ena ali ku Lilongwe, ena ndi aphunzitsi, anamwino, asilikali, ena tili kuno ku Johannesburg ndi Cape Town tikuvutika ndi maganyu koma mtima uli kumudzi. Ife tinatsegula gulupu ya WhatsApp ya omwe tinaphunzira pasukulu yathu, poyamba munali phokoso lokhalokha, zithunzi zakale ndi kukumbutsana aphunzitsi omwe ankatikwapula, koma munthu wina atangoponyamo chithunzi cha kalasi yomwe tinkakhalamo, pansi pali maenje ana atakhala pa fumbi, anthu anayamba kufunsa okha kuti titumize kuti.

Koma ndikuuzeni chilungamo aise, ife akunja tinapsa kambirimbiri. Munthu umatumiza ndalama yomangira nyumba yako yomwe kwa m'bale wako weniweni, ukafika kumudzi upeza maziko okha. Nde mukati tumizani ndalama ku nambala ya a chair, anthu amangowerenga nkukhala chete. Chomwe chinatheka kwa ife nchoti komiti inapita ku hadiweya pa boma kukatenga koteshoni, nkuiponya mu gulupu, malata akuti, misomali makilo akuti, matabwa akuti. Aliyense amasankha yekha, ine malata awiri, ine thumba la simenti. Timatumiza pa Mukuru, a kumudzi konko pa Airtel Money kapena Mpamba, munthu mmodzi yemwe tinamusankha tokha amasonkhanitsa nkulipira ku shopu komweko, katundu akafika pasukulu chithunzi mu gulupu tsiku lomwelo a mfumu ataima pambali.

Komanso ndalama isagone. Munaona zomwe zinachitika Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, amene anasunga ndalama kuti zikwane kaye anadzuka mmawa simenti itakwera, ndalama yogula matumba khumi ikugula ochepa. Zikapezeka zogulira malata asanu gulani asanuwo muwasunge.

Kondwa_LL:

Onse akamba zanzeru koma palibe watchula zosangalatsa. Anthu amatulutsa ndalama mosavuta pomwe pali nyimbo kusiyana ndi pa msonkhano, taonani pa ukwati mmene perekani perekani amayendera, munthu yemwe amati alibe kalikonse akuvina akuponya ma K200 mpaka thumba kupepuka. Matchalitchi anazindikira kalekale nchifukwa chake amapanga maukwati achiphamaso ndi pepa sande. Sukulu nayo ikhoza. Pangani tsiku lotsegula sukulu kwa makolo nthawi yokolola, ana avine, ndakatulo, sewero, makwaya a mipingo yonse yozungulira apikisane, ma MC aziitana mudzi ndi mudzi kubwera kutsogolo ndi lichero. Kwanu ku Dedza kuli Gule Wamkulu, mmadera ena mafumu amatulutsa gule kuti azikusa ana opita ku sukulu mmawa, nde kukambirana bwino ndi eni dambwe akhoza kubwera tsikulo, anthu adzadza okha. Mpira ndi netibo wa midzi nawonso, timu iliyonse ilipire yolowera, mphoto ikhale mpira umodzi basi.

Koma muwerengetsere kaye. Ife tinapangapo big walk ndi shoo pa CDSS ina, ndalama zinalowa ndithu koma titachotsa ya zokuzira mawu, mafuta a jenereta, chakudya cha alendo olemekezeka ndi mathiransipoti awo, chotsala chinali chomvetsa chisoni. Mlendo wolemekezekayo analonjeza matumba 50 a simenti pa maikolofoni anthu nkuwomba mmanja ndi nthungululu, mpaka lero tikudikira. Zokuzira mawu bwerekani ku tchalitchi, alendo adye zomwe aliyense akudya.

Denga lokhalo ine ndikuona kuti lisakhale la makolo okha. Lembani kalata idzere ku VDC ndi ADC, makomiti a chitukuko a mmudzi ndi a mdera, kopi kwa a khansala ndi a MP kuti ilowe pa CDF, thumba la ndalama za chitukuko cha mdera, ina ku ofesi ya maphunziro pa boma poti ndi ngozi ya mphepo. Mukamapita kumeneko munene kuti mchenga, miyala ndi anthu ogwira ntchito tili nazo kale, tikusowa malata ndi matabwa. Amamva msanga akaona kuti mwayambapo. Ingosamalani kuti asadzapake buloko yonse utoto wa chipani.

Msungichuma_PTA:

Zikomo kwambiri nonse, ndawerenga kawirikawiri. Bambo a ana atatu mawu anu awawa koma ndi omwewo amatiuza makolo kuno. Dzulo ndinakhala pansi ndi a chair a SMC tinatsegula kope la chaka chatha, muli ndalama ina yomwe inalembedwa kuti zina ndi zina yopanda lisiti, komiti yakale ikuti inali ya thiransipoti ndi chakudya cha amisiri. Tagwirizana kuti tiwerenga kope lonselo pamaso pa makolo ndi mafumu Loweruka likubwerali mmene lililimo, olo kukhale phokoso. A hedi avomera kuti za kubweza ana ziime kaye, ngakhale nkhope sinali yosangalala. Kalata ya ku ADC alemba a sekilitale mawa, ndipo mwana wa mchemwali wanga ali ku Durban wati atsegula gulupu ya ana akale.

Chomwe chanditsalira ndi mlonda, poti iyeyu sangadikire mpaka Juni ndipo mu ofesi muli mabuku ndi malata tinatola aja. A Nachisale, kwanuko mlonda mumamulipira kuchokera pati nyengo ino ya njala? Kapena midzi imasinthana kulondera usiku?