Nyali ya padenga pa Hilux yanga: ndiichotse ndisananyamuke ku Joni kupita ku Neno?

Bambo a Tadala, Johannesburg:

Abale anga, ndithandizeni maganizo. Ndakhala ku Joni kuno zaka 9 ndikugwira ntchito ya zomangamanga, ndipo mwezi watha ndagula Hilux yakale ya double cab kwa mlimi wina. Padenga pake pali LED bar ya mainchesi 50, yoyambira mbali ina mpaka mbali ina. Mwini wake ankayendera nayo ng'ombe usiku pafamu. Nditaiyatsa kuseri kwa nyumba, bwalo lonse linangoti mbee.

Mu December ndikupita nayo kwathu, kudzera Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, kukalowera pa Mwanza. Kwathu ndi ku Neno, kumtunda kwa Dambe. Amene munafikako mukudziwa kuti mukangosiya tala, msewu ndi wa miyala, zitunda ndi makona, ndipo mvula ikagwa mumapeza chigwembe pamalo pomwe dzulo panali bwinobwino. Mayi anga ndi okalamba, amavutika ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo chaka chatha anawatengera kuchipatala usiku pa njinga yamoto, mng'ono wanga atawagwirira kumbuyo. Galimotoyi ndagulira zimenezo, idzatsala kumudzi ndi mng'ono wangayo. Ndiye nyaliyo ndikuifuna ndithu.

Koma mnzanga wa kuntchito akuti ndikangokwera nayo msewu waukulu wa N1 ndidzalipira chindapusa. Ine ndimayesa kuti ikakhala yozimitsa palibe mlandu. Zoona zake ndi ziti? Nanga ndikaivala chivindikiro chake chakuda chija?

Wazamagetsi wa ku Germiston:

Achimwene, mnzanuyo sakunama. Ine ntchito yanga ndi yokonza magetsi a galimoto, ndipo funso limeneli ndimaliyankha pafupifupi sabata iliyonse. Kuno ku South Africa nkhaniyi ili m'malamulo a pamsewu a m'chaka cha 2000, omwe ali pansi pa National Road Traffic Act ya 1996. Nyali zakutsogolo siziyenera kukhala pamwamba kuposa mamita 1.4 kuchokera pansi, ndipo ziyenera kukhala kutsogolo kwenikweni kwa galimoto, osapitirira mamilimita 500 kuchokera kumphuno kwake. Denga la Hilux lili pafupifupi mamita 1.8, komanso lili kumbuyo kwa boneti yonse. Ndiye yanuyo yalephera pawiri.

Pamene ambiri amagwa ndi pa regulation 185. Imanena kuti nyali iliyonse yomwe malamulowo sanailole isamangiriridwe pagalimoto yoyenda pamsewu wa anthu onse. Mawu ake ndi oti kumangirira, osati kuyatsa. Choncho kuzimitsa sikukuombolani, chivindikiro sichikuombolaninso. Wapolisi wina atha kukuonani nkukusiyani, wina adzakulemberani, ndipo adzakhala ali m'malamulo. Mlimi uja pafamu pake analibe mlandu chifukwa si msewu wa boma.

Ku Zimbabwe ndiye musayese nkomwe. Malamulo awo a zida za pagalimoto ali mu SI 129 ya 2015, ndipo apolisi akumeneko akhala akugwira magalimoto a nyali zimenezi. Kuchokera pa Beitbridge kukafika pa Nyamapanda mudzaimitsidwa kangapo, ndipo galimoto ya nambala yakunja yodzaza katundu wa Khirisimasi amaiyang'ana paliponse. Kumasula ndi mabawuti anayi ndi pulagi imodzi basi. Ikulungeni m'bulangete, muiike kuseri kwa mpando.

Dalaivala wa thiraki, njira ya Tete:

Akulu, za malamulo anena kale anzathuwa. Ine ndinene zomwe maso anga amaona, poti ndakalambira pamsewu womwe mukufuna kuyendawo.

Nyali za galimoto zochokera kufakitale zili ndi dimu, ndipo dimu imadula kuwala kuti kugwere pansi, kusafike m'maso mwa amene akubwera. LED bar ilibe zimenezo. Imamwaza kuwala paliponse, ndipo ikakhala padenga imalunjika m'maso mwenimweni, ngakhale mwa ine amene ndakhala pamwamba m'thiraki. Munthu ukathobwa choncho, maso sabwerera pompo ayi, papita timasekondi. Pa liwiro la makilomita 80 pa ola, galimoto imayenda mamita 22 pa sekondi imodzi. Masekondi atatu ndi mamita 66 ukuyenda wakhungu, kumbuyo uli ndi katundu wa matani 30.

Usiku wina ndikutsika kuchoka ku Zóbuè kulowera ku Moatize, ndinakumana ndi pikapu itayatsa chinyali chotere. Ndinamuphethirira kawiri, sanazimitse. Atangodutsa, ndinaona ngolo ya makala ili pamphuno panga, yopanda nyali, mnyamata akuyenda pambali pa ng'ombe. Ndinaponda mabuleki mpaka matayala kununkha. Ndinaima pambali manja akunjenjemera, osatha ngakhale kutsegula botolo la madzi. Wa pikapuyo mpaka lero sadziwa kuti anatsala pang'ono kuphetsa mwana wa eni.

Chomwe chikundidetsa nkhawa pa nkhani yanu si inuyo, ndi mawu oti galimoto idzatsala ndi mng'ono wanu. Inu mwafunsa, ndiye kuti muli ndi mtima wosamala. Koma mnyamata akazolowera kuwala kumeneko ku Dambe, akadzatsikira pa msewu wa tala wa M6 nyali wamba zidzaoneka ngati koloboyi, ndipo chala chidzapita chokha pa switchi.

Nachisale wa ku Lunzu:

Bambo a Tadala, pepani ndi matenda a mayi, Mulungu awagwire dzanja. Ine si dalaivala, koma amuna anga ndi akabaza a njinga yamoto, amayenda Lunzu ndi Lirangwe mpaka usiku. Iwo alibe galasi lakutsogolo, alibe chowatchinga. Akakumana ndi galimoto ya nyali zoterozo amangotsikira kumbali osaona komwe akupita, ndipo kumbaliko ndi komwe kumayenda amayi ochokera kumsika ndi madengu pamutu. Mwezi wa June anagwera m'ngalande ndi kasitomala, bondo linatupa masabata awiri osagwira ntchito. Ngati nyaliyo mukaiikenso kumudzi, chonde muwauze achimwene anuwo kuti ngakhale pamsewu wafumbi, akaona kanyali kamodzi kakubwera kapena munthu wapansi, azizimitsa. Kanyali kamodziko ndi bambo wa ana a wina.

Bambo a Tadala, Johannesburg:

Zikomo nonse. Mayi Nachisale, mawu anu andilasa, chifukwa njinga yomwe inanyamula mayi anga usiku uja inalinso ya kanyali kamodzi, ndipo ndaganiza kuti bwenzi zitatha bwanji akanakumana ndi galimoto ngati yangayi pa kona. Apatseni moni bambo akunyumbako.

Ndamasula madzulo ano. Mabawuti analidi anayi, koma awiri anachita dzimbiri moti ndachita kuthira mafuta ndi kudikira. Ndaonanso kuti mluzu womwe unkamveka ndikathamanga, umene ndinkayesa kuti ndi mphira ya chitseko, unkachokera pa nyaliyo. Ndayenda pang'ono pa N12, kuli zii.

Koma vuto la msewu wa kwathu likadalipo. Achimwene a ku Germiston, ndingachite chiyani chololedwa kuti mng'ono wanga aziona bwino pa makona aja? Galimotoyi ikakalowa ku Malawi ndikailipirira msonkho ndi kuilembetsa, ndipo sindikufuna kuti ikakanidwe COF, chiphaso chosonyeza kuti ndi yoyenera kuyenda pamsewu, chifukwa cha nyali.

Wazamagetsi wa ku Germiston:

Mwachita bwino, achimwene. Ndikuuzeninso kuti kwanuko nyali ya padenga ikanakukhumudwitsani. Neno kumtunda kumagwa nkhungu, ndipo chilimwe kuli fumbi. Kuwala kochokera pamwamba pa mutu wanu kumamenya nkhungu kapena fumbi lomwe lili patsogolo pa galasi nkubwerera m'maso mwanu, ndipo boneti ikakhala yoyera imanyezimiranso. Maenje nawo amaoneka bwino nyali ikakhala pansi, chifukwa imaponya mthunzi m'dzenjemo. Yapamwamba imafafaniza mthunziwo, msewu nkumaoneka wosalala pamene si wosalala.

Yambani ndi nyali zomwe zilipo. Pa Hilux yakale magalasi ake amakhala atachita chikasu, apukutitseni kapena mugule ena, muike mababu atsopano a H4 a 60/55W, ndipo muwongoletse kuti aziloza poyenera. Mukadzaza katundu kumbuyo mphuno imadzuka, dimu nkumathobwa anthu ngati fulu, ndiye muwongolenso mutapakira. Mukafuna kuwonjezera, ikani nyali ziwiri zofanana pabampa, ina kumanja ina kumanzere, motalikirana mofanana kuchokera pakati, pansi pa mamita 1.4 aja. Zilumikizidwe kudzera pa relay, kaswitchi kodziyatsa ndi kudzizimitsa kokha ndi magetsi, ndi fyuzi yakeyake, ndipo relay itenge mphamvu ku waya wa fulu, kuti mng'ono wanu akangodima zizizima zokha. Pamenepo nkhawa ya a dalaivala a thiraki ija yachepa, chifukwa sipakhalanso switchi yoti munthu aiwale.

Onaninso mawaya omwe mlimi uja anasiya. Bar ya 300W pa batire ya 12V imakoka ma amp 25, ndipo ndaonapo ambiri atangolumikiza ku batire popanda fyuzi. Waya wotero akakhudza chitsulo pa mabampu a ku Tete, galimoto imayaka. Muchotseni kuyambira ku batire komweko, osangomata tepi kumapeto. Mukapeza mpata Loweruka m'mawa bwerani nayo, tidzaone limodzi musanapakire katundu.