Galu sakuponda mwendo wakumbuyo, a veti akuti X-ray

Wa ku Kapata:

Abale, ndigawireniko nzeru. Ndili ndi galu wamkazi wa zaka 5, dzina lake Ndatani. Bambo wake anali German Shepherd, ndiye ndi wathupi ndithu, makilo ake amafika 30. Mwezi uno kumayambiriro anathamangitsa mphaka wa aneba, anakhota mwadzidzidzi patsinde pa mango, ndiye ndinangomva kwee! Pobwerera mwendo wakumbuyo wakumanzere unali m'malere. Bala palibe. Pakati pa zala ndafufuza, palibe munga kapena galasi. Panopa amaponda ndi nsonga za zala zokha, ndipo akakhala pansi saupinda mwendowo, amangoutayira pambali. Kudya akudya, usiku akuuwa monga kale.

A veti atati augwire, galu anaumitsa thupi lonse n'kuyamba kuonetsa mano. Iwo akuti pafunika X-ray, ndipo atchula Lusaka, kusukulu ya madokotala a ziweto ya ku yunivesite ya UNZA. Kuchokera kuno ku Chipata, makilomita oposa 500 pa Great East Road, ndi galu wotsimphina! Kondakitala wake uti angandilole? Apongozi anga akuti tingomanga nsungwi. Funso langa n'lakuti, chithunzicho chikaona chiyani chimene manja a dokotala alephera kupeza?

Mlimi wa ku Katete:

Achimwene, apongozi anuwo sananame. Ife mbuzi ikathyoka timadula nsungwi, kukulunga kansalu, kumanga ndi luzi, mwezi ukatha ikudumpha. Ndalama ya Lusakayo gulani feteleza.

Wothandiza a veti, Petauke:

Bambo a ku Katete, nsungwi zimathandiza fupa likathyoka kumunsi, pansi pa bondo kapena pansi pa chigongono, pamene mungathe kugwira mfundo ya pamwamba ndi ya pansi kuti zisayende. Pantchafu sizigwira, ngakhale chikhakha sichigwira. Chimangolemetsa mwendo, ndipo mukamanga mothina zala zimatupa n'kuyamba kuwola. Fupa la ntchafu limafuna chitsulo mkati.

Koma a ku Kapata, mmene mwafotokozeramu sindikuganiza za fupa. Kukhota ali pa liwiro, kuponda ndi nsonga, kukhala mwendo uli pambali: zonsezo zikuloza bondo. M'kati mwa bondo muli mitsempha iwiri yopingasana imene imaletsa fupa la kumunsi kutsetserekera kutsogolo kapena kumbuyo. Wakutsogolowo ukaduka, galu amayenda chonchi. Agalu akuluakulu onenepa ndiwo amaduka kwambiri.

Tsono apa mumvetsetse. Mtsemphawo pa X-ray suoneka. X-ray imaonetsa bwino mafupa, minofu imangotuluka ngati mthunzi. Wopeza kudukako ndi dzanja: dokotala amagwira fupa la ntchafu ndi dzanja limodzi, linalo n'kukankha fupa la kumunsi kutsogolo. Likaseguka ngati dilowa ya tebulo, ndiye kuti waduka. Galu woumitsa thupi sangapimike, n'chifukwa chake amamubaya mankhwala ogonetsa kaye. Zimenezi zimatheka popanda makina, afunseni a veti anu omwewo.

Nanga chithunzi n'cha chiyani? Chimaonetsa ngati m'bondo mwadzaza madzi, ngati kachidutswa ka fupa kabenthuka, ngati nyamakazi yayamba kale m'mphepete mwa mafupa. Kwa galu wa magazi a German Shepherd amajambulanso chiuno, chifukwa ambiri mwa iwo mutu wa fupa la ntchafu sukhala bwino m'kabowo kake. Chinanso chimene timaopa mwa agalu akuluakulu ndi khansa ya m'fupa, imene imakonda kumera pafupi ndi bondo. Zikatero opaleshoni ya mtsempha ingakhale kutaya ndalama chabe.

Mukadzapita, aonetsetse kuti ajambula kawiri, cham'mbali ndi chakutsogolo. Chithunzi chimodzi chimabisa mng'alu. Afunseniretu za chakudya, poti galu wokagonetsedwa sapita ali wokhuta.

Amayi a ku Mchini:

Ine ndalowerera pa nkhani ya mankhwala basi, chifukwa ndikudziwa kuti wina akuuzani Panado. Mwana wa mchemwali wanga anapatsa mphaka wawo theka la Panado poona kuti akutsimphina. Pofika m'mawa nkhope inali itatupa, nkhama zada bii, akupuma movutika, ndipo sanachedwe kufa. Chiwindi cha mphaka sichitha kusungunula mankhwala amenewa. Chomvetsa chisoni n'chakuti pamwendopo panali timabowo tiwiri ta mano a mphaka mnzake, chotupa cha mafinya chimene akanangochiboola n'kutsuka. Galunso musamupatse Brufen kapena diclofenac, zimatulutsa zilonda m'mimba ndi kuononga impso.

Wa ku Kapata:

Zikomo amayi, Brufen ndiye anali kale pakamwa pa apongozi. A ku Petauke, ngati apeza kuti mtsempha waduka koma ine Lusaka sindikwanitsa chaka chino, galu wanga walumala basi?

Wothandiza a veti, Petauke:

Sindikunamizani. Tiagalu tochepera makilo 15 nthawi zambiri timayendanso bwino tikangopuma. Wa makilo 30 opaleshoni ndiyo imamukhazika bwino. Popanda iyo bondo limakhuthala lokha pang'onopang'ono, adzaponda, koma nyamakazi imabwera ndipo m'nyengo yozizira ya June mudzamuona akudzuka movutikira.

Chimene mungachite panopa: mutsekereni pamalo pang'ono masabata 6 mpaka 8, azituluka pa chingwe kukadzithandiza basi. Ndikudziwa kuti usiku mumadalira iyeyo, koma auwire m'khola. Chepetsani nsima ndi makombo a mafuta mpaka nthiti zizimveka mukamusisita, chifukwa kulemera konse tsopano kwasamukira ku mwendo wakumanja, ndipo agalu ambiri oduka mtsempha m'bondo limodzi amadzadukanso m'bondo linalo. Mankhwala a ululu a agalu alipo, monga meloxicam, koma mlingo wake aziyeza ndi a veti potengera makilo. Akasiya kudya, kapena mukaona fupa lenilenilo likutupa n'kulimba, musadikire masabatawo.

Mlimi wa ku Katete:

Chabwino, nsungwi ndabweza. Koma za kumuchepetsera nsimazo, muuzenso ana, ndiwo amaponyera agalu kuseri.