Mandimu akuchita chikasu ku Fourways, ndithandizeni

Yohane: Akuluakulu, mwaswera bwanji? Ndapanikizika kuno ku Fourways, ku Joni, kumene ndimagwira ntchito yosamalira pabwalo. Mtengo wa mandimu umene tinabzala mu Okotobala masamba ake achita chikasu, ena akuyoyoka. Madamu amene ndimawagwirira ntchito akuti sindikuthirira mokwanira. Ndiye sprinkler yowazira madzi ikuyenda tsiku ndi tsiku, feteleza ndathira kawiri, koma zikungoipiraipira. Ntchito imeneyi ndi imene ikuphunzitsa ana kumudzi, sindikufuna ithe chifukwa cha mtengo umodzi.

Bambo a Chisomo: Achimwene, feteleza muyambe mwasiya. Dzenje munakumba nokha? Dothi lake linali lotani?

Yohane: Ndinakumba ndekha, bambo. Linali lofiira, lomata pa fosholo, pansi panali zidutswa za njerwa ndi simenti. Lonselo ndinataya, m'dzenjemo ndinathira dothi la m'matumba logula ku nazale.

Bambo a Chisomo: Basi, vuto lagona pamenepo. Limenelo ndi katondo, ndipo m'nyumba zatsopanozi amakhala atalipondaponda ndi magalimoto a omanga mpaka kulimba gwa. Inu mwakumba m'katondo n'kuthiramo dothi lofewa, ndiye kuti mwaumba mphika wopanda chibowo. Madzi a pabwalo ponse akutsetserekera m'dzenjemo, potulukira palibe. Uno ndi Januwale, mvula ya ku Joni ili pachimake, inu n'kuwonjezeranso sprinkler. Mizu imapuma ngati ife. Pakati pa timibulu ta dothi pamakhala timipata ta mpweya, ndipo madzi akadzaza timipata tonseto mizu imabanika n'kuyamba kuwola. Muzu wowola sumwa madzi, n'chifukwa chake mtengo umaoneka ngati wa ludzu chonsecho waima m'thope. Zimandipweteka kuona anzathu akudzudzulidwa kuti ndi aulesi pomwe mtengo ukufa ndi madzi ambiri.

Mayi Nabanda: Ndikugwirizana nawo. Koma achimwene, musakangane ndi madamu pakamwa pokha, aonetseni. Kumbani kadzenje ka masentimita 30 pambali pa mtengowo, mudzaze madzi, akaphwa mudzazenso. Mukapeza mawa lake akadalimo, dothilo silitulutsa madzi. China, thirani dothi m'botolo, muwonjezere madzi, mukhutchumule kwambiri n'kuliika pansi. Mchenga umakhazikika pamphindi imodzi, koma dongo limasiya madzi ali ofiira tsiku lonse ngakhale kupitirira. Muonenso masamba anthete. Akakhala achikasu koma mitsempha yake ili yobiriwira, simenti ija ikuchititsakonso, chifukwa laimu wake amalepheretsa mtengo kuyamwa ayironi, mchere wa m'nthaka wothandiza masamba kubiriwira.

Che Juma: Bwanji osangosakaniza ndi mchenga wa omanga? Ine ndimaona ngati madzi angamadutse bwino.

Bambo a Chisomo: Ayi Che Juma, zimenezo ndinayesapo ku Midrand ndipo ndinanong'oneza bondo. Mchenga wochepa m'katondo umangopanga njerwa, dongo limalowa m'mipata ya mchengawo n'kutseka. Chofewetsa katondo ndi kompositi ndi manyowa owola bwino, chaka ndi chaka, mpaka nyongolotsi zibwere zokha.

Yohane: Ndabwera ndi lipoti. Kadzenje ndinadzaza dzulo 4 koloko madzulo, m'mawa uno madzi angotsika pang'ono chabe. Nditafukula pa mtengo penipeni, dothi likununkha ngati la kudambo, mizu ina yakuda ndipo ikusupuka ndi chala. Madamu anaona okha, sprinkler ya mbali imeneyo tatseka.

Mayi Nabanda: Mizu yoyera ilipobe?

Yohane: Ilipo ndithu, makamaka chakumtunda.

Bambo a Chisomo: Ndiye uchira. Popeza wangotha miyezi 3, muuzule madzulo kukazizira, mudule mizu yowolayo. Chotsani simenti yonse yotsala, dzenjelo mukwirire ndi katondo wa pabwalo pomwepo wosakaniza ndi kompositi. Kenako muunde mtumbira wotakata, wokwera masentimita 30, ngati wa mbatata kwathu, mubzale pamwamba. Pa tsinde pamene anaumezanitsa ku nazale pakhale poonekera, musapakwirire. Phimbirani ndi masamba ouma koma asakhudze tsinde. Musanathirire, pisani chala m'dothi, mukamva chinyezi dikirani. Feteleza ayi mpaka muone masamba atsopano.

Che Juma: Loweruka ndili pa ofu, achimwene. Ndibwera ndi piki tidzathandizane kuchotsa simentiyo, mundiuze pokwerera taxi ku Randburg.