Kodi kulera n'kukuza thupi kapena n'kuwongola khalidwe?

Wofunsa, ku Peterborough, mzinda wa ku England:
Akuluakulu, ndithandizeni pa mawu akuti "kulera". Angelezi ali ndi liwu limodzi, *raise*, limene limalowa paliponse: kukweza dzanja, kukweza malipiro, kusonkhetsa ndalama, kuweta nkhuku, kuukitsa akufa, mpaka kulera mwana. Kuno kuli anthu ambiri a ku Lithuania amene anabwera dziko lawo litalowa mu European Union, mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya, mu 2004, ndipo mayi wina amene ndimagwira nawo ntchito anandiuza kuti kwawo ntchito zimenezi anazigawira mawu osiyana. Chinthu chopita m'mwamba amati *kelti* kapena *pakelti*: *pakelti ranką* n'kukweza dzanja, *pakelti balsą* n'kukweza mawu. Ndalama sazikweza, amazitolera, *surinkti*. Kwa mwana amati *auginti*, kuchokera ku *augti*, kukula, ndipo liwu lomwelo ndi la ng'ombe, mbatata ndi maluwa. Palinso lina, *auklėti*, la ulemu ndi mwambo. Mwana akhoza kukula wathanzi ndithu, koma akakhala wamwano amati *neišauklėtas*. Nanga kulera kwathu kuli mbali iti? Ndipo makolo akamati "M'mera m'poyamba", amanena za chakudya kapena za khalidwe? Ndili ndi ana awiri obadwira kuno, funsoli silikundigonetsa.

Mayi a ku Ntcheu:
Mwanawe, kwathu ziwirizo sitizilekanitsa. Tikati uyu ngoleredwa bwino sitinena za masaya, tikunena kuti amalandira ndi manja awiri, amagwada polankhula ndi akulu. Komanso sunganene kuti walera mwana amene sunamuphikire phala, sunamubereke kumbuyo, sunachezere naye usiku akutentha thupi. Mlezi ankachita zonsezo. Pamene ife tinadula malire ndi pakati pa munthu ndi chiweto. Mbuzi timaweta, chimanga timalima, mwana timalera. Munthu atati akuweta ana, mudzi wonse ungamudabwe.

Wofunsa:
Zikomo amayi. Pamenepo ndiye tasiyana kwambiri ndi a ku Lithuania, chifukwa iwo liwu lakuti *augintinis* amatchulira mwana wolera amene sunabereke wekha, komanso galu kapena mphaka wa m'nyumba.

Mphunzitsi wopuma, ku Chipata:
Achemwali, liwu la Chingelezilo silinayambe losakanikirana chonchi. *Raise* linabwera ku England ndi anthu a kumpoto aja otchedwa Viking, m'chinenero chawo linali *reisa*, kuimiritsa chinthu. Angelezi anali nalo kale lawo, *rǣran*, lomwe lero ndi *rear*, ndipo onse awiriwa ndi ana a *rise*, kudzuka. Choncho m'maganizo awo kulera n'kuimiritsa mwana. *Augti* wa ku Lithuania ndi m'bale wa *augere* wa Chilatini, kuchulukitsa. Chimene chimandigwira mtima ine ndi ichi: nafenso tili ndi "kukuza", kuchokera ku "kukula", kapangidwe kake chimodzimodzi ndi *auginti*. Koma kwathu liwulo linapatukira ku ulemu ndi kunyada, n'chifukwa chake timati wodzikuza. Mwana tinamusungira liwu lakelake, ndipo ine ndikuona kuti tinachita bwino.

Wofunsa:
Aphunzitsi, mayi a ku Lithuania aja anandipatsanso mwambi wawo: *Lenk medį, kol jaunas*, pinda mtengo ukadali wanthete. Kodi si womwewo ndi m'mera wathu?

Bambo a ku Dowa:
Ayi, pamenepo ndikukana. Wofanana nawo ndi uja wakuti mtengo amauwongola ukadali waung'ono. Umenewo ndi wa chilango ndi malangizo. M'mera ndi nkhani ya kumunda. Chimanga ukachedwa kuchipalira masabata oyambirira, udzu n'kuchipitirira, ngakhale udzathire fetereza wochuluka bwanji sichibwereranso, chimangokhala chachikasu, chonyozoloka. M'mera suupinda, umausamala. Anthu ambiri amatchula mwambiwu atagwira mkwapulo, ndipo zimandiwawa, chifukwa mwambiwo ukudzudzula kholo lochedwa, osati mwana.

Mayi a ku Ntcheu:
Bambo a ku Dowa anena zoona, koma musaiwale kuti kupalira n'kuchotsa zoipa. Bodza loyamba, kuba koyamba kwa ndiwo mumphika, zimenezo ndiye udzu.

Ndiwonjezere chimodzi chimene palibe watchula. Masiku ano mukati "kulera" atsikana amaganiza za jakisoni ndi mapilitsi a kuchipatala, ena mpaka amayesa ndi liwu lachilendo. Si lachilendo. Kale mayi akatenga pathupi wina akadali kubere tinkati watumbiza, ndipo anamkungwi ankadzudzula banja lonse, mwamuna yemwe, chifukwa woyamwayo ankalekezedwa msanga n'kuyamba kunyentchera. Kudikira kuti ayambe wayenda, alimbe, kunali kumulera iyeyo. Achipatala anapeza liwulo lilipo kale.

Wofunsa:
Amayi, kutumbiza ndinali nditakumvapo kwa agogo koma sindinkakulumikiza ndi zimenezi. Kodi kumadera ena, monga ku Tete kapena ku Nkhotakota, amanenanso choncho? Amene muli kumeneko tiuzeni.