Kuimba zida zomenya ndi kupeka nyimbo mu chamber orchestra: zimayenda bwanji?

Wongoyamba: Akuluakulu, ndithandizeni. Munthu woimba zida zomenya amene amapekanso nyimbo, amapeza ntchito yokhazikika mu chamber orchestra (gulu laling'ono la oimba zida zosiyanasiyana)? Nanga akamapekera gulu lomwelo, chimavuta kwambiri n'chiyani?

Mkungang'oma: Gulu lotere limakhala ndi oimba 20 mpaka 40, ndipo malo okhazikika a zida zomenya, akakhalapo, ndi amodzi: a timpani, ng'oma zikuluzikulu zotha kuchunidwa pa noti. Nyimbo zambiri za nthawi ya Haydn ndi Mozart, opeka nyimbo a zaka za m'ma 1700, zimangofuna timpani ziwiri, choncho ena onse amaitanidwa ngati aganyu pa konsati imene ikuwafuna. Kupeka nako amalipira pa nyimbo imodziimodzi. Musanayambe kulemba, gwirizanani papepala za kutalika kwa nyimbo, zida, tsiku lopereka, komanso amene alipire kukonza ma part (mapepala a manoti a woimba aliyense), chifukwa ntchito imeneyi imadya masiku.

Mai_Marimba: Ndiwonjezepo pa funso lachiwirilo. Vuto ndi lakuti mudzakhala nokha kumbuyoko, manja awiri basi. Musanalembe noti ngakhale imodzi, jambulani mmene zida ziimire. Kenako yesani ndi wotchi: kusiya ndodo za vibraphone, kuyenda, kutola za snare drum, zikutenga masekondi angati? Masekondi amenewo awoneke mu score (pepala la manoti a gulu lonse) ngati ma bar opumira. Ambiri amalakwa apa chifukwa kompyuta imaimba zonse osasuntha phazi.

Funsaninso zida zimene gulu lili nazo. Marimba ya ma octave 5 imatsika mpaka noti ya C2, pomwe ya ma octave 4.3 imathera pa A2, yomwe ili pamwamba pake. Mukalembera yaikuluyo iwo ali ndi yaing'ono, ndiye kuti abwereke ndi ndalama, kapena manoti anu apansi atayike. Vibraphone wamba imayambira F3 kufika F6. Glockenspiel imamveka ma octave awiri pamwamba pa zimene zalembedwa, xylophone octave imodzi. Mukaiwala zimenezi, mupeza kuti zakwera pamwamba pa fuluti musakufuna.

Mkungang'oma: Mayi mwanena zoona. Pa timpani naponso: ng'oma zinayi zodziwika ndi za mainchesi 32, 29, 26 ndi 23, ndipo iliyonse ili ndi manoti ochepa amene imalira bwino. Kusintha noti ndi pedulo kumafuna kuti woimba amvetsere mwakachetechete, ndiye musamupatse ng'oma zitatu zosintha m'ma bar awiri. Za chikopa cha ng'ombe zimamveka mokoma pa nyimbo zakale, koma kukachita chinyezi chikopa chimafooka, liwu n'kutsika konsati ili mkati. Zapulasitiki sizivuta choncho.

Wazingwe: Ife oimba zida za zingwe okhala kutsogolo kwanu tikupempha chimodzi: phokoso. Mavayolini oyamba akakhala 6 okha, forte (kuimba mokweza) ya suspended cymbal, mbale yachitsulo yopachikidwa, imawameza onse. Ilembeni kuti ilire motsitsa kuposa zida za anzanu, ndipo sonyezani pamene tam-tam, chimbale chachikulu chachitsulo, igwidwe kuti isiye kulira, apo ayi ipitirira kung'ung'udza pa chord yotsatira. Funsaninso ngati gulu limachuna noti ya A pa 440 kapena 442 Hz, poti marimba simungaikunge ngati ng'oma.

Mukafuna chitsanzo, werengani score ya Bartók ya Music for Strings, Percussion and Celesta. Anaipeka mu 1936 atapemphedwa ndi Paul Sacher, kupekera chamber orchestra ya ku Basel. Taonani mmene glissando (kutsetsereka kwa liwu kuchoka pa noti ina kupita pa ina) ya timpani mu gawo lachitatu imamvekera poyera, chifukwa oimba ena onse aipatsa mpata.