Zimene ndapeza pa funso langa la ndemanga za uvuni

Mwezi wathawu ndinafunsa ngati ndemanga za pa intaneti zokhudza uvuni ndi makina okandira ufa n'zodalirika kwa ife amene timaphika makeke ndi masikono pakhomo kuno ku Harare. Ndikuthokoza nonse amene munandiyankha, makamaka amayi a kumpingo kwathu ku Mbare amene anandilola kuyesa uvuni wawo.

Ndemanga zambiri zimalembedwa ku America, kumene magetsi a m'nyumba ndi a mavoti 120, pomwe kuno timagwiritsa ntchito 220 mpaka 240, choncho makina amene iwo amawatamanda nthawi zina amasiyana ndi ogulitsidwa kuno ngakhale dzina lili limodzi. Komanso mzinda wathuwu uli pamalo okwera pafupifupi mamita 1,500, ndipo pamalo otere madzi amawira asanafike madigiri 100, mtanda umafufuma msanga, kenako keke n'kumira pakati. Wolemba amene amakhala m'mbali mwa nyanja yamchere sakumana nazo zimenezi, ndipo wophika wa kuno angathe kunamizira uvuni pomwe chofunika n'kuchepetsa baking powder.

Zothandiza kwenikweni ndi ndemanga za anthu amene agwiritsa ntchito chipangizocho kwa chaka chathunthu, osati amene angochitulutsa kumene m'katoni. Ngakhale iwowa satchula kawirikawiri za kutentha kwenikweni kwa mkati. Titaika choyezera kutentha mu uvuni wa amayi aja n'kuutchera pa madigiri 180, singano inaima pansi pa 180 ndithu, pomwe iwo ankadandaula kuti masikono awo sapsa bwino.

Poona kuthimathima kwa magetsi, ine ndasankha kugula uvuni wa gasi pamodzi ndi choyezeracho.